Zikhomo za a Haber

Mzere Wachisanu, Kilbrae
9 Meyi 1853

Okondedwa Achimwene a Ninian,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu ndi za ntchito yanu yopanga migolo ku Hamilton. Kuno Bambo ndi ine tadzuka. Ng'ombe yabereka thole. Pepani kuti zilembo zachepa, pepala latsala pang'ono pamene nkhani ndi yaikulu. Ndayamba ndaiyeseza pa sileti kawiri kuti ndisaphonye.

Lachiwiri lapitali kunabwera munthu wachilendo, wamtali, wa ndevu za imvi, msinkhu ngati wa Bambo. Ndi Mjeremani, ndipo chilankhulo chathu sadziwa ngakhale moni. Anadziloza pachifuwa n'kunena kuti, "Haber." Kenako anatulutsa chikalata cha malo chofanana ndi chathu chija, koma chawo chalembedwa 15. Bambo anatulutsa chathu cha 14, n'kuwalozera kuthengo kuti 15 ndi uko. A Haber anapukusa mutu, n'kutikodola. Tinawatsatira mpaka kungodya ya munda, pa mulu wa nthambi umene tinaunjika chaka choyamba chija. Anakankha nthambizo. Pansi pake panali chikhomo cha oyeza malo, chili chiimire. Mbali yoyang'ana kudambo chalembedwa 14. Mbali yoyang'ana kunyumba kwathu chalembedwa 15. Ndinawerenga katatu, Achimwene.

Mukumbuka kuti tinafika kuno chipale chofewa chikulekeza m'chiuno, zikhomo zonse zitakwiririka. Bambo anawerenga mitengo yosepedwa makungwa kuchokera ku msewu waukulu. Lachitatu ndinapita ndekha kukawerenganso. Tsidya la dambo ndinapeza mtengo umodzi wosepedwa uli gone, utagwetsedwa ndi mphepo kalekale. Umenewo ndiwo sanauwerenge. Choncho malo athu enieni ndi dambo lija la kamtsinje ndi udzudzu.

Maekala asanu ndi limodzi amene munagwetsa ndi Bambo, nyumba yathu ya zipika, mbatata zimene tabzala, zonse zili pamalo a mwini. Zimenezo ndingapirire. Chimene chikundidya mumtima ndi chitunda cha manda chija. Amayi agona pa 15.

Bambo chiyambire tsiku limenelo sanalankhulepo za nkhaniyi. Chonde mukafunse kwa odziwa malamulo. Kodi munthu amachotsedwa pamalo pamene anaikapo mayi ake?

Ndine mlongo wanu,
Lilias

Mzere Wachisanu, Kilbrae
16 Meyi 1853

Okondedwa Amayi aakulu a Grizel,

Landirani moni wochokera kuno kutsidya la nyanja. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Nanga ku Lanark kuli bwanji? Mundiuzeko za onse, ngakhale za mphaka.

Njere za maapozi zimene mng'ono wanu, malemu Amayi anga, anachoka nazo kumeneko, imodzi inamera. Ndinaiwokera kumutu kwa manda awo ndipo ndaitchingira bwino kuopa agwape. Tsopano ikundilekeza m'bondo. M'dera lathu muno mabanja afika asanu ndi awiri. Tchalitchi kulibe, timapempherera m'nyumba mosinthana.

Pali nkhani ina imene sindinganene yonse pakali pano, chifukwa ikukhudza Bambo. Kuli mwamuna wina wachijeremani amene akubwera kwathu pafupipafupi. Amaima pampanda atavula chipewa, chikalata chili m'manja. Bambo akangomuona amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndimangoima m'munda miyendo ikunjenjemera. Zikadziwika mutu wake ndidzakuuzani zonse. Mutipempherere.

Ndine mwana wanu,
Lilias

Hamilton
6 Juni 1853

Iwe Lili,

Moni kwa iwe, kwa Bambo, ndi kwa thole. Ine ndili bwino, kungoti chala chimodzi ndinachiphwanya ndi nyundo. Kalata yako ndinachita kubwereka magalasi a bwana wanga, zilembo ngati nyerere zili pamzere.

Ndinapita kwa kalaliki wina wa maloya amene amadya nafe pamodzi. Mawu ake si okoma. Akuti mwini chikalata ndiye mwini nthaka, nyumba, zitsa, ndi chilichonse chili pansi pake. Ndinamufunsa za manda. Anangotambasula manja. Koma akuti chachikulu musagwire pepala la munthuyo, musalembepo dzina, musavomere kanthu. Ndiye Bambo akuchita bwino kutseka chitseko. Ndipo Mjeremaniyo akangoyerekeza kukhoma chikhomo paliponse, iwe zula. Wamva? Zula, usamuope. Ndikukudziwa iwe, umapepesa ndi nkhuku yomwe ukaiponda.

Kuno kuntchito tili ndi Mjeremani wathu, Gottlieb, munthu wabwino koma amadya kabichi wowawasa mpaka migolo imanunkha. Akuti anthu akwawo akagwira pepala sataya. Ndiye konzekani.

Kubwera sindingathe mpaka Okutobala, ntchito yachuluka. Undilembere chilichonse chimene achite.

Mlongo wako,
Ninian

Lanark
30 Juni 1853

Mwana wanga Lilias,

Ndalandira kalata yako ndipo ndathokoza Mulungu kuti uli moyo. Chifuwa chilipobe, mphaka anafa, enawo ali bwino. Tsono tikambe zenizeni.

Ine sindine mwana. Mwamuna akavula chipewa pampanda, mtsikana miyendo n'kumanjenjemera, bambo n'kumatseka chitseko, nkhani yake ndi imodzi basi, kuno ngakhale ku Canada. Bambo akowo asaiwale msanga. Iwo anaima pampanda wathu miyezi itatu ngati mbuzi yomangirira, agogo ako akuwathira madzi otsukira mbale. Uwauze kuti ndatero ndine. Akufuna uziwaphikira phala mpaka umere imvi?

Chikalatacho chiyenera kuti ndi cha abusa akwawo, chochitira umboni khalidwe lake. Chimenecho n'chabwino. Koma iwe umuyang'ane m'manja. Ngati ndi okhakhala, ndi munthu. Zoti ndi Mjeremani zisakuvute, amuna onse samva, kaya alankhule chilankhulo chanji.

Banja la a Baird likwera sitima ya pamadzi mu Ogasiti ndipo lidzera kwanuko. Ndawapatsira bafuta amene mayi ako ndi ine tinawomba tili atsikana. Theka lake iye anakwatirira. Theka langali lakhala m'bokosi zaka makumi atatu, popeza ine pampanda panga sipanaime munthu. Ndi mikono khumi. Usaope kudula.

Mayi ako wamkulu,
Grizel

Mzere Wachisanu, Kilbrae
18 Julayi 1853

Okondedwa Achimwene,

Moni. Chala chija chapola? Kalata yanu inafika pa 2 Julayi, inagonera kusitolo ya pamphambano milungu iwiri. Ndinawawerengera Bambo. Anangoti, "Wamva."

Zinthu zaipiraipira. A Haber amanga msasa wa nthambi m'mphepete mwa dambo, ali ndi akazi awo. Ayamba kugwetsa mitengo ku 14, malo athu enieni aja. Bambo akuti ndiye kuti akufuna zonse ziwiri. Khasu analisiya, akuti, "Ndilimirenji mwini?" Mbatata ndikupalira ndekha.

Loweruka kunabwera Mayi Tierney a kutsidya kwa msewu. Anaima pakhomo manja m'chiuno.

"A Purdie, tulukani m'menemo! Mwasanduka nkhuku yofungatira? Munthu wamkulu kuwoloka nyanja yonse ija osasochera, kudzasochera pa mtengo umodzi!"

Bambo anayankhira m'kati momwemo. "Mayi Tierney, amuna anu pofuna malo awo anawerengera panyumba yanga ino. Kaoneni chikhomo chanu."

Mayi aja anakwinya siketi n'kuliyatsa liwiro. Chikhomo chawo chili bwino, a Tierney anachita kufukula asanamange. Koma tsiku limenelo sanabwerenso. Aka kanali koyamba kumva Bambo akuseka chiyambire Meyi, ndipo sanaseke nthawi yaitali.

Tsopano nkhani yoopsa. Pa 5 Julayi a Haber anakwera pachitunda ndi nyundo yamtengo. Anayenda mozungulira akuwerenga mapazi, n'kukhoma zikhomo zinayi zikuluzikulu m'ngodya za chitundacho. Kenako anakhoma zina zinayi zing'onozing'ono pambali penipeni pa manda a Amayi. Ndinachita monga munanenera. M'mawa popita kokakama ng'ombe ndinazula zonse. Patapita masiku awiri anakhomanso, m'mabowo omwewo. Ndinazulanso. Kachitatu anandipezerera zikhomo zili m'epuloni. Ndinkayesa andikalipira. Anavula chipewa n'kulankhula mawu ambirimbiri motsitsa, maso ali psuu. Ine ndinathawa, zikhomo zili m'manja. Zili pansi pa bedi langa.

Mayi Tierney akuti a Haber akufuna kumangapo khola la nkhumba chifukwa ndi pouma. Achimwene, khola pambali pa Amayi! Simungapemphe tchuthi, ngakhale cha sabata imodzi?

Ndine mlongo wanu,
Lilias

Mzere Wachisanu, Kilbrae
12 Ogasiti 1853

Okondedwa Achimwene,

Moni. Sindinalandire yankho la kalata yanga ya Julayi, mwina ili m'njira. Sindidikira. Ndachita zimene munaletsa, ndipo ndikufuna mundithandize msanga.

Mawu a Mayi Tierney a khola aja anandikhala pamtima. Lachinayi ndikuthirira mtengo wa apozi ndinayang'ana mabowo anayi ang'onoang'ono aja. Ndinaona kuti atalikirana mofanana ndendende, ndipo alunjika kum'mawa ngati mmene agonera Amayi. Ndinatenga ulusi wolukira masokosi n'kuyeza. M'lifupi ndi mkono umodzi ndi pang'ono. M'litali, nditaimika ulusiwo pansi, unandilekeza pamwamba pa chiuno. Nkhumba singakhale m'menemo. Ndinayezanso kachiwiri. Kenako ndinakumbuka Bambo akuyeza pomwepo ndi chingwe tsiku loika Amayi lija.

Ndiye ndinatenga mkaka m'jagi n'kupita kudambo osawauza Bambo. Panjira ndinabwerera kawiri. Kachitatu ndinafika.

Mayi Haber anali akuphika panja. Ndi mayi wochepa thupi, nkhope yonse yotupa ndi udzudzu. Ndinawapatsa mkaka. Chilankhulo chawo sindidziwa, ndiye ndinatulutsa ulusi uja n'kuuimika pansi, dzanja langa lili pamene wathera. Anauyang'ana. Analowa mumsasa, n'kutuluka ndi tinsapato tiwiri tachikopa. Anati, "Resi." Anaimika zala zinayi. Kenako analoza kummwera, kumsewu umene anadzera.

Achimwene, milungu yonseyi ndakhala ndikuzula manda a mwana.

Ndinalira pamaso pa anthu achilendo, ine amene sinditha ndi kupereka moni komwe. A Haber anabwera ndi nkhwangwa paphewa. Anatulutsa chikalata chawo chija n'kuchiika m'manja mwanga. Inde, ndinachigwira. Kenako anatambasula dzanja lopanda kanthu kuloza kunyumba kwathu, n'kupingasa mikono yawo chonchi, wina uku wina uku. Ndikuganiza kuti ndamva, koma ndaphonya kale kamodzi ndipo sindifuna kuwauza Bambo zongoganizira.

M'mawa mwake ndinawapititsira pepala langa lomaliza ndi cholembera. Alemba mbali zonse ziwiri. Ndaliika m'kalata muno. Ino ndalemba papepala lokulungira tiyi, mukhululuke. Chonde a Gottlieb awerenge, inu mulembe m'chilankhulo chathu liwu ndi liwu, osakometsa.

Ndine mlongo wanu,
Lilias

Hamilton
29 Ogasiti 1853

Lili,

Moni. Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Woyamba nditawerenga ndinayamba kumanga katundu kuti ndikathyole munthu nthiti. Mwamwayi ndinatsegula wachiwiri ndisanamange nsapato.

Gottlieb wawerenga. Pakati anaima n'kutuluka panja, akuti utsi. Nawa mawu a a Haber:

"Kwa mnansi wanga a Purdie. Ine Lorenz Haber ndine wofufuta zikopa. Ntchito yanga imafuna madzi oyenda ndi makungwa a mitengo ya m'dambo. Zimenezo zili pa 14. Pa 15 pali thukuta lanu ndi mkazi wanu. Sindidya thukuta la mnzanga. Ndinapita kwa mkulu wogawa malo ndi womasulira. Anati tikhoza kusinthana, koma tibwere tonse awiri, aliyense ndi chikalata chake, mwezi wa Seputembala usanathe. Tsikulo likadutsa ndiyenera kukhala pa 15, apo ayi nditaya zonse. N'chifukwa chake ndimabwera pampanda panu. Nyumba sindingamange tisanasinthe, ndipo chisanu chikubwera.

"Ndipempha chinthu chimodzi. Mwana wathu Therese anamwalira ndi malungo panjira. Tinamuika m'mbali mwa msewu, pansi pa miyala, pamene ngolo zimadutsa. Kudambo ndikakumba mkono umodzi madzi amatuluka. Ndinaona chitunda chanu ndi kamtengo kotchingidwa bwino. Ndinati, amene amasamala manda awa sangamusiye mwana wanga yekha. Ndinakhoma zikhomo kuti muone pamene ndikupempha. Mwana wanu wazula katatu. Ngati ndi kukana, ndamva, ndipo kusinthana kuja kukhalebe."

Ndi zimenezo, liwu ndi liwu. Malangizo anga aja ukasonkhezere moto. Kalaliki uja ndamuuza kuti azidya yekha. Uwatulutse Bambo m'nyumbamo, ngakhale uchite kuwanyamula. Masiku atsala ochepa, ndipo kalata iyi isagonere kusitolo, ndalemba pamwamba kuti ndi yachangu.

Mlongo wako wopusa,
Ninian

Mzere Wachisanu, Kilbrae
24 Okutobala 1853

Okondedwa Amayi aakulu,

Landirani moni. Pepani za mphaka. Chifuwacho muzimwera uchi. Kalata yanu inafika mu Ogasiti, ndipo bafuta a Baird anabwera naye pa 8 mwezi uno, ali bwinobwino. Zikomo kwambiri. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkachita manyazi, komanso ndinkadikira kuti nkhani ithe.

Amayi aakulu, mwamuna wapampanda uja ali ndi imvi ndiponso ali ndi akazi awo. Wolakwa ndine, ndinalemba mobisa. Dzina lawo ndi a Haber. Bambo anamanga pamalo a iwowo molakwitsa, ndipo ife tinkayesa abwera kudzatichotsa ndi kutilanda manda a Amayi. Chonsecho ankafuna tisinthane malo, ndiponso ankapempha poika mwana wawo wamkazi amene anamwalira panjira. Zinadziwika Achimwene a Ninian atapeza womasulira.

Kalata ya Achimwene inafika pa 24 Seputembala, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti nthawi yosinthana ithe, pamene kwa mkulu wogawa malo ndi ulendo wa masiku awiri pansi. Bambo anali m'nyumba. Ndinaima pakhomo n'kuwerenga mokweza. Nditamaliza Bambo anati, "Bwereza pa thukuta paja." Ndinabwereza. Anatuluka, anasamba kumaso, anavala jekete la Lamulungu, n'kutsikira kudambo. Ine ndinkatsatira patali. Pamsasa wa a Haber palibe mpanda, koma Bambo anaima pamene mpanda ukanakhala, anavula chipewa, chikalata chili m'manja. Anaima choncho mpaka a Haber anatuluka.

Mayi Tierney anali atafika kale, sindidziwa anamva bwanji. Anakuwa kuti, "Taonani, nkhuku yaswa! Miyezi inayi kufungatira, yaswa Mjeremani!"

Bambo ndi a Haber ananyamuka m'mawa wa Lolemba, anthu awiri osamvana ndi liwu limodzi lomwe. Mvula inagwa Lachiwiri ndipo ine ndinkangowerenga masiku. Anabwerako Lachisanu, matope mpaka m'mawondo, zikalata zitasinthidwa. Chathu tsopano chalembedwa 15. Ndachiwerenga kambiri. Nditawafunsa Bambo za ulendo anangoti, "Munthu uja ngolongolola."

Sabata yatha tinachita dima, kumangira a Haber nyumba. Kunabwera amuna khumi ndi anayi a m'mizere itatu ya minda ya kuno, ndi ng'ombe zapagoli. Achimwene nawonso anafika, chala chili chokhota. Masiku awiri nyumba ya a Haber inaima, denga ndi chumuni chomwe. Bambo ndiwo anasema ngodya zonse zinayi, sanalole wina. Asanayambe anapita okha kukafukula chikhomo cha malire, n'kuitana aliyense kuti awerenge. A Tierney anati, "Mwayamba liti kudziwa manambala, a Purdie?" Bambo anati, "Sukulu yake inali yowawa, inu simungaithe."

Tsopano ndipemphe chikhululukiro. Lachinayi a Haber ndi Achimwene anapita ndi ngolo kukatenga mwana uja. Dzina lake ndi Therese, kwawo ankati Resi, anali ndi zaka zinayi. Kabokosi kake kanali ka matabwa a katundu, katayamba kuphwasuka. Mayi Haber atakaona anayamba kuvula shawelo yawo, yomwe ndi imodzi yokhayo, chisanu chili pakhomo. Ndinathamangira kunyumba n'kutenga bafuta wanu. Munati ndisaope kudula. Ndinadula mikono itatu. Ndikudziwa kuti si ntchito imene munamusungira zaka zonsezi. Koma ndinaganiza kuti manja a Amayi anagwira nawo ulusi wake, ndiye mwanayo sakhala mlendo pambali pawo. Mikono isanu ndi iwiri yotsalayo ndaisunga m'bokosi la Amayi, popeza mwina simunataye mtima ndi mpanda wathu.

Bambo anena pamaso pa onse kuti chitunda chonsecho, m'kati mwa ngodya zimene a Haber anakhoma zikhomo zinayi zikuluzikulu zija, chikhale cha aliyense wa m'dera lino amene adzafune pogona. Achitchingira ndi mpanda. Mtengo wa apozi uli pakati pa awiriwo, ndipo Mayi Haber amabwera kudzauthirira ngakhale mvula itagwa. Sitimvana chilankhulo, timangokhala. Kwa ine zimenezo sizivuta.

Chimodzi ndinapempha, ndipo anandilola. Asanakumbe, ndinatulutsa zikhomo zinayi zing'onozing'ono zija pansi pa bedi. Mabowo ake anali akuonekabe. Ndinazikhoma ndekha, chimodzichimodzi, a Haber atandigwirira nyundo mpaka nditaitenga.

Ndine mwana wanu,
Lilias